Madzi otentha ndi nkhuku ya akamwini

Mawondo anga anayamba kundivuta ndisanakwere ndege, koma masitepe a ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, ndi amene anawamaliza. Mwana wanga wamkazi ndi nesi pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, ndipo amakhala m'nyumba zija zamiyala zosanjikizana, pamwamba pa mabanja ena. Kuti ufike pakhomo pake umakwera mozungulira, kupuma, kukweranso. Tsiku limene ndinafika, chikwama changa chinali patsogolo, paphewa pa akamwini anga, ndipo njira yonseyo sanacheuke ngakhale kamodzi kuti andiyang'ane. Ndinati mumtima, mwana wa eni akeyu analeredwa.

Kwathu mpongozi wamkazi ndi mkamwini sayang'anizana. Sadyera pamodzi, sakhalirana pafupi. Mukakumana panjira wina amapatukira kuudzu, moni mumapatsana mutafulatirana, manja okha akuwomba. Si chidani ayi. Munthu amene wakusungira mwana wako n'kukupatsa zidzukulu ndi wamkulu, sungamuonetse m'kamwa mwako ukutafuna. Manyazi amenewa amatha, koma satha okha. Mwana woyamba akayamba kuyenda, mpongozi amagwira nkhuku ya m'khola mwake, kuiphika, n'kukaipereka kwa mkamwini atagwada. Mkamwini amabweza kanthu kalikonse kamene ali nako. Kuyambira pamenepo mumacheza, mumadya limodzi, ngakhale kukangana mumatha.

Ife nkhuku imeneyi sinaphikidwe. Mwana wanga ndi amuna ake ananyamuka kupita kunja mdzukulu wanga akadali kumsana. Mwanayo anaimirira ku Glasgow, anayendera ku Glasgow, ine ndinangomva pafoni. Ulendo umene anabwera onse kumudzi unali wodzaika maliro a amuna anga, ndipo pamaliro suphika nkhuku yachisangalalo. Ndiye manyazi athu anakula limodzi ndi mwanayo, mpaka iye kukhala namwali wamtali kuposa amake.

Kumudzi kupewana n'kosavuta. Kuli bwalo, kuli kuseri kwa nkhokwe, njira zopita kudimba ndi zambiri. Koma fulati ya ku Dennistoun ili ndi kanjira kamodzi kopapatiza, bafa imodzi, ndi tebulo la mipando itatu. Tikakumana m'kanjirako ine ndinkatembenukira kukhoma kumene amakoleka majekete, mphuno yanga m'jekete, iwo n'kudutsa cham'mbali akuwomba m'manja pang'onopang'ono. M'mawa ankaima kuseri kwa chitseko cha chipinda changa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, kaya inu bambo?" ndinkayankha ndikuyang'ana pazenera.

Nthawi ya chakudya ankatenga mbale yawo kukadyera kukhitchini ali chiimire. Khitchini yakeyo ndi kamphako chabe koyang'anizana ndi tebulo, ndiye masiku ambiri ankangotuluka n'kukakhala pamasitepe, pozizira paja, pamene anthu a nyumba zina amadutsa ndi agalu awo. Ine ndinkaona kuti zinthu zikuyenda bwino. Iwo anakulira kwa agogo awo ku Ntchisi, mwambo ankaudziwa kuposa anyamata ambiri amene sanachokepo pamudzi.

Tsiku lina tikutsuka mbale mwana wanga anati, "Amayi, bwanji osangophika nkhukuyo konkuno? Mufiriji ilimo."

"Wagula ndani?"

"Bambo ake a mwana."

"Ndiye ndiwapatse nkhuku yawo yomwe, m'poto wawo, pamoto wawo? Kumeneko n'kuwaseka."

"Nanga ndikagula ineyo?"

"Thumba lako ndi lawo ndi limodzi. Mudzabwere kumudzi, nkhuku zili mbwee pabwalo."

Anausa moyo, n'kuvala yunifomu yake kupita kushifiti.

Mdzukulu wanga masiku oyamba anali wanga. Anandisiyira bedi lake, iye n'kumagona pamatiresi pansi. Ndinkamutchula mkazi mnzanga, monga timachitira kwathu ndi zidzukulu zazikazi, iye n'kumaseka mpaka kugwira m'mimba. Chichewa amamva chonse, koma poyankha chimatuluka chopindika, mawu ena akusowa miyendo. Ankandipaka mafuta m'mawondo, kundionetsa zithunzi za anzake pafoni. Loweruka amagwira ganyu pakasitolo ka tiyi, ndipo pobwera ankanditengera sikono m'kapepala. Kenako zinangoleka. Sikono zinaleka, mafuta analeka. Ndikati mkazi mnzanga, ankangoti "mm," maso ali pafoni. Nditafunsa amake anati msinkhu wake ndi umenewo, ana a kuno amatero.

Masiku anga obwerera anali atayandikira. Pamsinkhu wanga munthu sulonjeza kuti udzakweranso ndege. Ndinkadziwa kuti ndikachoka mwanayu asakundiyankhula, adzandikumbukira choncho moyo wake wonse, ndipo chimene ndinamulakwira sindinkachidziwa.

Akamwini amagwira ntchito kunyumba yosamalira nkhalamba. Anapempha masiku opuma, mwana wanganso anasinthana mashifiti ndi anzake, kuti andiyendetseko ndisanapite. Poyamba ankafuna kunditengera kudziko lina lapafupi, kumene akuti madzi otentha amatumphuka pansi pakati pa mzinda, anthu n'kumaviikamo mafupa awo. Koma viza yanga inali ya dziko limodzi lokha. Ndiye mawu anabwera kudzera mwa mwana wanga, monga mawu onse ankabwerera.

"Akuti holide tichitira konkuno. Akuti alendo amachokera kutali kudzaona Glasgow, ife tangokhalamo osamuona."

Tsiku loyamba tinaimika galimoto m'tauni n'kukwera basi yopanda denga, m'dziko la mvula. Ife atatu tinakwera pamwamba titavala mapulasitiki, akamwini anakhala pansi. Ndinaona tchalitchi chakale chakuda bii ngati mphika, ndipo kuseri kwake phiri lonse la manda. Kwathu manda amabisika m'nkhalango, koma kuno akufa ndiwo ali pamwamba, m'tinyumba tamiyala tokongola, akuyang'anira amoyo. Ndinaona chosema cha mwamuna wokwera hatchi atamuveka kumutu chipewa chija amaika pamsewu akamakonza. Ndinafunsa ngati apolisi sakuona, mwana wanga anati akachotsa, m'mawa chimapezeka chabwerera. Kumtsinje kunaima chitsulo chachitali chonyamulira katundu, chokhachokha, ntchito yake inatha kale koma eni ake sanafune kuchigwetsa.

Tinatsika panyumba yaikulu yofiira yosungiramo zinthu zakale. M'katimo munaima njovu, yakufa kalekale, khungu lake lothetheka ngati dothi la m'chilimwe, ndipo pamwamba pake anapachika ndege yeniyeni. Ndinaimvera chisoni. Ndinamugwira mdzukulu wanga pamkono.

"Mkazi mnzanga, ndili mtsikana ngati iwe, mnzake wa ameneyu anatidyera maungu munda wonse. Tinkamuimbira zitini, iye n'kumangotafuna."

"Mm," anatero. Anachotsa mkono wake n'kupita kumene kunaima bambo ake, kutsidya lina la chipindacho, kukawakolowekera dzanja.

Masana tinakadya ku Govanhill, kulesitilanti ya amwenye. Anabweretsa chipepala cha zakudya, koma ine ndinangoloza patebulo la anzathu, pamene panali buledi wophwatalala wamkulu ngati lichero ndi nyama m'timiphika tachitsulo. Woperekera zakudya anaika mbale zinayi. Akamwini anaima kumbuyo kwa mpando n'kuuza mkazi wawo kuti galimoto aimika poipa, zawo awakulungire. Patapita kanthawi ndinaona pazenera galimoto ili tsidya la msewu, magalasi atachita nthunzi, mvula ikuwaza.

Mdzukulu wanga anayang'ana mbale yopanda mwini ija. Anakankha yake, n'kunena mawu a Chingerezi kwa amake, afupi koma akuthwa.

"Osayankhula choncho pamaso pa agogo ako," anatero amake.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti wakhuta."

Ndinadziwa kuti si zimenezo. Chakudya chinali chokoma, ndisaname, buledi uja ndinamumaliza. Koma ankatsika movuta.

Tsiku lachiwiri linali la madzi otentha. Ku Glasgow madzi otumphuka pansi kulibe, koma kuli nyumba zakale zosambira zimene amazitenthetsa okha. Akamwini anali atafunsafunsa mpaka kupeza tsiku limene zipinda zotentha amalowamo akazi okhaokha. Anatisiya pakhomo n'kubwerera kugalimoto. Mwana wanga anandigulira chovala chosambira, kansalu kothina kopanda miyendo. Ndinavala pomulemekeza, koma pamwamba ndinamanga chitenje mpaka m'khwapa. M'nsonga ya chitenjecho ndinamangamo mwala wanga wokwechera mapazi umene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi. Kwathu kuli kasupe wa madzi otentha kumene akazi timapita mbali yathu, ndipo palibe amapitako wopanda mwala.

Zipinda zake n'zotsatizana. Choyamba n'chofunda, chinacho n'chotentha, chomaliza ngati uvuni wa njerwa. Denga lake n'lozungulira, lokhala ndi timagalasi tofiira ndi tobiriwira, kuwala kumagwera pansi timadontho. M'mbali monse munakhala azimayi achizungu, ambiri a msinkhu wanga, atangodzikulunga mathawulo, mimba zili panja, akulongolola ngati pamjigo. Ndinali ndisanaonepo azungu opanda majekete. Ndi anthu ngati ife tomwe, mabere ogwa, zipsera za opaleshoni, zala zopindika. Mmodzi wa tsitsi loyera analoza chipsera cha pabondo pake, n'kuloza bondo langa. Tinapukusa mitu tonse awiri n'kuseka. Ndinakhala pabenchi yamwala, kutentha kunandilowa m'chiuno, m'mawondo, mpaka m'zala za kumapazi. Chifikireni m'dziko muja, tsiku limenelo ndi limene ndinafundidwa mpaka m'mafupa.

Mwana wanga kutentha kunamukanika, anati akukasambira kudziwe lalikulu. Tinatsala awiri, ine ndi mdzukulu wanga, ndipo tinalowa m'kachipinda ka nthunzi kumene munthu umaona mnzako ngati ali kuseri kwa utsi. Mayi wa chipsera uja anali pakona atatsinzina. Ndinamasula mwala wanga n'kuyamba kukwecha zidendene.

"Mkazi mnzanga, tembenuka ndikukhule kumsana."

"Ayi."

"Ndiye undikhule ineyo. Dzanja langa silifika."

Madzi ankadontha kuchokera kudenga. Womumasulira panalibe, ndiye pamene anatsegula pakamwa anayankhula Chichewa chake chopindika chija, pang'onopang'ono, ngati akuwoloka mtsinje pamiyala.

"Agogo, adadi anakulakwirani chiyani?"

"Andilakwire chiyani bambo ako?"

"Ndi chifukwa cha ntchito yawo? Chifukwa amasambitsa nkhalamba, amazisintha matewera? Mumanyansidwa nawo?"

Mwala unandipulumuka m'manja n'kugwera pamatailosi.

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe. Ndili ndi maso. Akalowa, inu mumayang'ana khoma. Amadya pamasitepe. Mayi wa nyumba yapansi anandifunsa ngati adadi athamangitsidwa. Tikiti yanu ya ndege anaigwirira mashifiti owonjezera nyengo yozizira yonse. Mpando umene mumakhalapo patebulo ndi wawo."

Za mpandozo sindinkazidziwa. Ndinkangoona mipando itatu ndi anthu atatu.

"Mwana iwe," ndinatero, "bambo ako ndimawalemekeza kuposa mwamuna aliyense wamoyo."

"Ulemu wake umenewo? Mpunga wozizira m'galimoto?"

"Amako sanakuuze?"

"Anati ndi chikhalidwe. Chilichonse chimene alibe nthawi yofotokoza amati ndi chikhalidwe."

Nkhope yake inali yonyowa, ndipo sindikanatha kusiyanitsa thukuta ndi misozi. Ndinasendera pafupi. Ndinamuuza kuti agogo ake aamuna ndinawasambitsa ndekha mpaka tsiku lomaliza, ndikudziwa kulemera kwa munthu amene sangathe kudzuka yekha, ndikudziwa fungo lake, ndikudziwa mmene amakutukwanira chifukwa cha manyazi. Munthu wochitira zimenezi makolo a eni ake, tsiku ndi tsiku, manja ake ine ndinganyansidwe nawo? Kenako ndinamuuza za mpongozi ndi mkamwini, za kupatukira kuudzu, za mwana woyamba, za nkhuku. Anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Nkhuku basi?"

"Nkhuku."

"Ndipo mumadikira kuti ine ndiyambe kuyenda."

"Eya."

Anatambasula miyendo yake yaitali ija mpaka inakafika kubenchi inayo, n'kuiyang'ana.

"Agogo, ine ndakhala ndikuyenda kwa nthawi ndithu."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Iyenso anaseka, koma mosafuna. Mayi wa pakona uja anatsegula diso limodzi n'kuseka nawo, ngakhale sanamve kanthu.

Ndinamufotokozera pamene panali povuta, kuti nkhukuyo iyenera kuchokera m'khola langa, osati m'thumba la bambo ake kapena la amake. Ndinati adzabwere kumudzi, tidzakonze zonse mwadongosolo.

"Liti? Tidzabwere kumaliro enanso?"

Sanadziwe chimene ananena, koma ine ndinadziwa kuti maliro otsatira pakhomo pathu ndi a ndani. Iye anatola mwala uja pansi n'kumautembenuza m'manja.

"Agogo, ine ndine wa ndani? Paja munandiuza kuti kwanu mwana ndi wa kwa amake."

"Ndiwe wathu. Amako anayamwa bele ili, iwe ndiwe wa mbumba yanga."

"Ndiye ndalama za ganyu yanga ya Loweruka si za adadi, si za amami. Ndi za kwanu."

Ndinaganiza. Kumudzi mdzukulu wamkazi akakapalira m'munda mwa munthu, n'kugula kamwanapiye, n'kukaika m'khola la agogo ake, nkhukuyo ndi ya pakhomo pa ndani? Ndinaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku, pokanira sindinapapeze. Akuluakulu a kwathu akanatsutsana mpaka dzuwa kulowa, koma akuluakulu munalibe. Munali ine, mwanayo ndi nthunzi.

"Ikhoza kulowa m'khola imeneyo," ndinatero.

Anandiuza kuti nditembenuke. Ndinatsitsa chitenje, iye n'kuyamba kundikhula kumsana, koma mwamantha.

"Kanikiza, mkazi mnzanga, si dzira limenelo."

Anakanikiza. Litsiro limene linatuluka pamsana panga sindingalinene pagulu. Amake atabwera anatipeza tili choncho, anaima pakhomo akutiyang'ana. Kenako anati mwambo wa kuno ndi woti ukatuluka motentha ulowe m'kadziwe ka madzi ozizira. Ndinati ine ndabwera kudzafuna moto, madzi ozizira ali panja ponseponse, akugwa aulere.

Malo odyera a tsiku limenelo anasankha mdzukulu wanga, kumene amawotcha nkhuku pamoto anthu akuona. M'galimoto ananong'oneza amake, amake n'kundicheukira, ine n'kuyang'ana kunja ngati sindikudziwa kanthu. Titalowa, mwanayo anapita yekha kukauntala. Ndinamuona akulozera ndi manja kuti yathunthu, asaidule, n'kutulutsa khadi lake. Bambo ake anafuna kumuletsa, iye anangowakankha ndi chigongono.

Chakudya chisanafike, akamwini anaima kumbuyo kwa mpando monga dzulo lake.

"Galimoto ija," anayamba kuuza mkazi wawo.

"Bambo," ndinatero ine, "galimoto sithawa. Khalani pansi."

Ndinawayang'ana kumaso. Ine m'mutu mwanga ndinkasunga kamnyamata kowonda ka suti yobwereka, kamene ndinakaona chapatali tsiku la ukwati. Apa panaima bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, maso otopa, ndi mpata wa mano wofanana ndi wa mdzukulu wanga. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti mwanayu mpata umenewu anautenga kuti. Iwo anayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo anagwedeza mutu, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati mpandowo ukutentha.

Beseni losambira m'manja kunalibe. Ndinakhuthula masamba amene anali m'kambale kakuya, n'kutenga jagi ya madzi akumwa. Nkhuku itafika ndinaimirira, kumanga bwino chitenje, n'kugwada pambali pa mpando wawo. Mawondo amene ankakana masitepe anapindika ngati a mtsikana, nthunzi ija inali idakali m'kati. Ndinawathirira madzi m'manja, madzi ake ozizira okhala ndi kachidutswa ka ndimu. Kenako mdzukulu wanga anandipatsira mbale ya nkhuku, ine n'kuikweza ndi manja awiri.

"Bambo, mwana anayenda. Nkhuku yanu ndi iyi. Mutu ilibe, miyendo ilibe, nthutumba adya a kukhitchini, koma yachokera kwathu."

Analandira ndi manja awiri. Anaika mbale patebulo n'kuyamba kupapasa m'matumba, chifukwa sanabwere okonzeka. Munatuluka makiyi, foni, kapepala ka malo oimika galimoto. M'thumba la jekete anapezamo magolovesi awo aubweya, akuda, otha pachala chachikulu. Anawaika m'manja mwanga.

"Ndalandira, amayi. Zikomo kwambiri."

Mwana wanga anawomba m'manja mwakachetechete, iye ndiye anali mboni, nkhoswe, ndi mfumu yomwe. Apa mpamene mawondo anakumbukira kuti ndi okalamba. Ndinayesa kudzuka, ayi. Ndinagwira mwendo wa tebulo, tebulo n'kugwedezeka, matambula n'kulira. Mwana wanga anati adzuke, koma akamwini anali atanyonyomala kale patsogolo panga.

"Musakoke tebulo, amayi. Ikani manja apa, pamikono yanga. Phazi ili libwere kutsogolo. Musafulumire. Tsamirani kwa ine."

Sindinamve ndi pomwe kuti ndikudzuka. Ndinangopezeka ndaima, kenako ndakhala pampando, osamva kuwawa paliponse. Ndinati mumtima, nkhalamba za kuno zili ndi mwayi.

Anthu a matebulo ena anali atasiya kudya. Mtsikana woperekera zakudya anabwera kudzafunsa mdzukulu wanga ngati pali amene akukumbukira tsiku lobadwa. Sindikudziwa chimene anamuyankha, koma pamapeto anatibweretsera ayisikilimu atabayapo kamtengo kothetheka moto, n'kumuika patsogolo pa akamwini.

Nkhuku yakeyo inali yofewa ngati buledi wonyowa, tsabola yekha ndiye anali ndi mphamvu. Akamwini anang'amba ntchafu n'kuika m'mbale mwanga, ndipo ndinatafuna iwo akuona. Poyamba maso anga ankathawira pansi okha, chizolowezi sichichoka tsiku limodzi. Koma munthu amene ndinkamuyesa wofatsa uja anapezeka kuti ndi wolongolola. Anandifunsa za munda, za denga la nyumba, za mtengo wa mango umene anauona nthawi ya maliro. Anandiuza za gogo wina wa kuntchito kwawo amene sadya phala pokhapokha amuimbire nyimbo, ndiye iwo amamuimbira za kwaya za Chichewa, gogoyo n'kumavomera m'Chingerezi. Anati pamasitepe paja anazolowerana ndi galu wa nyumba yapansi, moti galuyo ndi amene adandaule ndi nkhuku ya leroyi.

"Bwanji simunanene kuti mukuzizidwa?" ndinafunsa.

"Ndikananena kwa ndani, amayi? Inu munali m'majekete."

Mdzukulu wanga anatsamwa ndi chakumwa, amake n'kumamumenya pamsana.

M'mawa mwake mipando inali itatu yomwe ija, anthu tili anayi. Ndinafuna kukhala pansi, akamwini anakana. Iwo anafuna kuima, ine ndinakana. Tikulimbana choncho, mdzukulu wanga anakoka pilo n'kukhala pansi pafupi ndi miyendo yanga, kapu ya tiyi m'manja, msana atatsamira bondo langa.

"Mkazi mnzanga, bondo limenelo n'lodwala."

"Linagwada dzulo. Lachira."

Sanasunthe, ndipo ine sindinamuchotse. Masiku amene anatsala anandipakanso mafuta, ndipo Loweruka lomaliza sikono zinabwera. Mwala wanga wokwechera anaupempha, ndinamusiyira.

Magolovesi aja ndili nawo. M'mwezi wa Juni ndimawavala popita kudimba m'mawa, anzanga n'kumandiseka kuti ndasanduka mzungu. Lamulungu akaweruka kutchalitchi mdzukulu wanga amaimba foni, Chichewa chake chikadali chopindika, ndipo amandifunsa ngati m'khola mwathu nkhuku zikuswana. Kumbuyo kwa mawu ake ndimamva mbale zikulira patebulo, ndi bambo ake akundipatsa moni chakudya chili m'kamwa.